Thumba Limene Mzime Sanalimasule

Loweruka lililonse Mzime ankadzukira ntchito imene palibe anamutuma, yotsuka zinyalala. Ankaima pasinki n'kumatsukuluza mabotolo a mafuta ophikira, kuchotsa zivindikiro, kuponda makatoni kuti aphwatalale, kupatula zitini pa magalasi. Amayi ake ankangomuyang'ana n'kupukusa mutu. Mwana yemweyu mbale yake yodyera ankaisiya mpaka m'mawa, koma botolo loti akukataya ankalitsuka ndi sopo.

Chifukwa chake chinali kudepoti, kuseri kwa msika waukulu, kumene anthu amakasiya zinthu zoti zikapangidwenso. Kumeneko kunali mnyamata wa magolovesi obiriwira amene anamubweza katatu konse. Ulendo woyamba anati mabotolo ndi osatsuka. Wachiwiri anati makatoni ndi onyowa. Wachitatu anapeza babu lakupsa pakati pa magalasi, ndipo anamuuza mwaulemu, uku akumwetulira, kuti babu si botolo. Tsiku limenelo Mzime analalata mpaka anthu a pamzere anatembenuka. Ulendo wachinayi anabwera ndi matumba osankhidwa bwino kuti amuchititse manyazi. Mnyamatayo anasuzumira m'thumba lililonse, kenako anadandaula.

"Ndiye lero ndikubwezani ndi chifukwa chiti, kuti mudzabwerenso?"

Zinayambira pamenepo. Iye anamupatsa dzina loti Waloweruka, ndipo Mzime, amene kwawo ankamuitana choncho pokhala womaliza kubadwa, analilandira ndi manja awiri.

Kwawo nkhaniyo sinakome. Achemwali ake, amene anakwatiwa kutsidya kwa tawuni, anamutcha mnyamatayo Wamabotolo, monyoza, koma dzinalo linakanirira mpaka mwiniwake anayamba kuliyankha. Achemwali anali naye kale munthu wawo amene ankafuna kuti akwatire Mzime, mng'ono wa amuna awo, wogulitsa mafoni m'tawuni, amene pakhomopo onse ankangomuti Alamu. Alamu anali ndi galimoto, mafuta onunkhira amene ankatsalira m'nyumba iwo atapita, ndi chizolowezi chobweretsa mphatso munthu asanapemphe. Amayi okha sankanena zambiri. Chimwalirireni amuna awo zaka ziwiri zapitazo, mawu awo anali ochepa, koma pakhomopo palibe chinkachitika iwo asanagwedeze mutu.

Miyezi isanu ndi itatu Mzime anakhala akunyengerera, kulira, kukwiya, kunyengereranso. Pomaliza Amayi anagonja.

"Abwere Lamlungu masana. Ndimuone ndi maso anga, ndisamangomva za anthu."

Lamlungu lake linali la sabata yomweyo.

* * *

Lachisanu Achemwali anabwera kudzasesa m'nyumba, Amayi atapita kuchipatala kukayezetsa magazi. Anakolopa, anapukuta mawindo, anakhuthula madirowa onse, ndipo pakamwa sipanapume.

"Mlendo wa zinyalala asadzapeze zinyalala kuno, angayambe ntchito tisanamupatse moni."

Pochoka anasiya thumba lakuda lomanga pafupi ndi chitseko.

"Umo muli machaja akufa, mawaya, timafoni takale. Ukamupatse bwenzi lakolo, ndi zimene amakonda."

Mzime sankanyamula thumba asanalimasule. Chimenecho chinali chinthu choyamba chimene chikondi chinamuphunzitsa. Koma m'mawa wa Loweruka limenelo foni yake inasankha kudzikonza yokha. Inazima, inayaka, inalemba kuti musaizimitse, ndipo kamzere kake kanayenda ngati nkhono kwa mphindi makumi anayi. M'fonimo ndi mmene munali mndandanda wa zonse zoti achite: kukatenga diresi kwa telala, mabisiketi a alendo, babu la pabalaza, mankhwala a Amayi. Itayaka, zonse zinali zitasintha malo, ndipo Mzime anali atachedwa. Ananyamula matumba ake awiri, anakolowekapo lakudalo, n'kuthamangira basi.

* * *

Kudepoti kunali mzere waufupi. Wamabotolo anali akukangana ndi bambo wina amene anabweretsa matewera a mwana m'katoni, akuumirira kuti nawonso ndi mapepala. Ataona Mzime nkhope yake inamasuka.

"Waloweruka wachedwa. Ndimayesa wandithawa tsiku lisanafike."

"Ndi foniyi. Yasintha chilichonse osandifunsa. Taona, ngakhale mauthenga sindikudziwa kumene awaika."

Mzime anatsamira khola la waya la mapulasitiki, maso ali pafoni, akufufuza mndandanda wake. Wamabotolo anakhuthula thumba lakuda patebulo lake lachitsulo. Munali mawaya opiringizana, machaja asanu, ndi mafoni atatu.

Pa mafoni mnyamatayu anali ndi lamulo lake, ndipo ankalinyadira. Chaka china, asanabwere iye, foni yotayidwa padepotipo inakapezeka pamsika, zithunzi za mayi wina zikuyenda m'manja mwa anthu. Ndiye iye sankalola foni kukwera galimoto ya masana ili yamoyo. Chikuto ankaponya m'khola la mapulasitiki, batire mu mgolo wofiira, ndipo chotsalacho ankachigoneka pachipika n'kuchimenya ndi nyundo mpaka m'kati mwake muonekere.

Anaphwanya yoyamba. Anaphwanya yachiwiri. Yachitatu anaivula chikuto, anaichotsa batire, anaigoneka pachipika, kenako anayang'ana Mzime amene anali akung'ung'udzabe ndi foni yake.

"Bwera kuno. Ukufuna kukwatiwa ndi Wamabotolo, uphunzire ntchito ya m'banja."

Mzime anaseka, analowetsa foni m'thumba la diresi, nalandira nyundo. Pachipika panali kanthu kakuda, kopanda chikuto, kosasiyana ndi foni ina iliyonse yakale. Anamenya koyamba n'kuphonya. Kachiwiri anangoikhudza m'mbali.

"Ukuisisita kapena ukuimenya? Ganiza kuti ndi Alamu."

Pamenepo Mzime anagwira ndi manja onse awiri. Foniyo inathetheka pakati, tizidutswa tinagwera m'fumbi, ndipo awiriwo anaseka mpaka bambo wa matewera uja anasekanso osadziwa chimene akuseka. Wamabotolo anasesera zonse m'bokosi. Galimoto inabwera nthawi yake, dzuwa lili paliwombo, ndipo inatenga bokosilo.

* * *

Masana, Mzime atamaliza maulendo ake onse, awiriwo anakumana kupaki. Anakhala pabenchi lawo la nthawi zonse, moyang'anana ndi bwalo limene madoda a mimba zazikulu ankathamangitsa mpira mwaulesi. Anagula ayisikilimu mmodzi kuti agawane. Wamabotolo anatulutsa malaya atsopano m'pepala kuti Mzime awaone.

"Oyera? Tiyi akakutayikira?"

"Sindidzamwa. Manja adzakhala akunjenjemera."

Anayeserera moni wake katatu, Mzime akukhala ngati Amayi, atakwinya nkhope. Kachitatu anamulola. Foni ya Mzime inalira, ndipo unali uthenga wa Alamu.

"Ndamva kuti mawa kuli mlendo, ndipo ine ndaitanidwa. Ndibweretse zakumwa? Mabotolo ake sativuta, wotola alipo."

Mzime anamuonetsa. Wamabotolo anawerenga, anamwetulira pang'ono, koma kumwetulirako sikunafike m'maso.

"Uwauze abweretse. Bola adzatsuke akamaliza."

Kenako Mzime anatsamiritsa mutu paphewa pake.

"Bambo akanakhala ndi moyo akanakukonda. Anali munthu wa malamulo ngati iwe. Nsapato pakhomo, makiyi pa msomali."

"Ankayankhula bwanji?"

"Mawu aakulu, osasa pang'ono. Sankadziwa kulemba pafoni, zala zinali zikuluzikulu, ndiye ankangojambula mawu n'kutumiza. Anga onse ndinawataya. Foni inadzaza, inandifunsa ngati ndikufuna malo, ine ndinadina kuti inde osawerenga. Otsala ali ndi Amayi okha, mufoni yawo yakale. Alamu anawagulira yatsopano, anati asamutsa zonse, koma mawu a Bambo sanaoneke. Ndiye yakaleyo amaisunga kuchipinda kwawo. Lamlungu lililonse m'mawa amaitchaja, amatseka chitseko, amamvera."

Ananena zimenezi ndi pakamwa pomwe panaseka padepoti paja, ndipo mtima wake sunagunde n'komwe. Kuchipinda kwa Amayi sikulowa munthu, ndiye akanaganiza chiyani? Komanso tinene zoona, munthu amene mutu wake uli paphewa la wokondedwa saganiza patali.

* * *

Lamlungu m'mawa chimene chinamudzutsa ndi phokoso la madirowa. Kutsegula, kutseka, kutsegulanso. Anapeza Amayi atakhala pansi m'chipinda mwawo, zovala ndi mapepala zili mbwee, chaja chili m'manja.

"Mzime, foni ya bambo ako waiona?"

Ankaitchula choncho ngakhale inali yawo, chifukwa mwini wake weniweni anali mawu amene anali m'katimo.

"Si imakhala m'dirowa yapansiyo?"

"Mulibe. Ya chikuto chabuluu ija, chopsa ndi simbi pakona. Mulibe."

Mzime asanayankhe, chitseko cha pabalaza chinatseguka, Achemwali analowa atanyamula keke. Atamva funsolo anayamba ndi kuseka, koma kusekako kunathera panjira.

"Kaja kosweka galasi? Amayi, ine ndimayesa ndi kakufa. Ndinakadina, sikanayake."

"Unalowa m'chipinda mwanga?"

"Ndimasesa, Amayi. Ndinaika m'thumba lakuda pamodzi ndi machaja. Mzime ndi amene anapita nalo."

Amayi anatembenukira kwa Mzime, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti nkhope yawo inawala.

"Basi ili kwa mnzakoyo. Zikomo Mulungu kuti sinapite kwa mlendo. Muimbire, abwere nayo masanawa."

Mzime anatuluka panja, anazungulira kuseri kwa nyumba kumene ankayanika zovala, naimba. Anafotokoza mawu akuduka. Wamabotolo anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Ndili ndi makiyi a kudepoti. Ndipita ndikaone."

Patatha ola limodzi kunabwera chithunzi. Chinali chikuto chabuluu, chopsa pakona, chili m'dzanja lake. Mzime anaimbanso.

"Inali iti mwa zitatu zija?"

"Yomaliza ija," anatero Wamabotolo motsitsa.

"Tinene kuti sunaione," anatero Mzime, akunong'ona. "Tinene kuti galimoto inatenga thumba lonse losamasula. Tipite kukafufuza mawa, tibwere tinene kuti yasowa."

"Tsiku loyamba kulowa m'nyumba mwa amayi ako ndilowe ndi bodza? Ndipo azidikira foni imene ife tikudziwa kuti kulibe?"

"Ndiye ukanena kuti ndine?"

"Zimenezo undisiyire."

* * *

Wamabotolo anafika nthawi yake yeniyeni, malaya oyera akuonekabe mizere ya mmene anapindidwira kusitolo. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa. Pabalaza panali Amayi, Achemwali, ndi Alamu amene anali atatambalala pa mpando waukulu, makiyi a galimoto ali pa bondo. Patebulo panali tiyi, keke ndi mabisiketi amene Mzime anagula dzulo lake.

Moni unayenda bwino, monga mmene anayeserera kupaki. Koma Amayi sanadikire kuti tiyi athiridwe.

"Mwanawe, nkhani zina tikamba. Wabwera nayo?"

Wamabotolo anapisa m'thumba, anatulutsa chikutocho, nachipereka ndi manja awiri. Amayi anachilandira, anachitembenuza, anayang'ana m'kati mopanda kanthumo.

"Nanga mwini wake?"

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Kuntchito kwathu foni iliyonse yotayidwa timaiphwanya isanachoke, kuopa kuti zinsinsi za anthu zingagwere m'manja olakwika. Yanu inabwera pamodzi ndi zakufa. Sindinaiyatse kuti ndione, sindinafunse. Inaphwanyidwa dzulo m'mawa, ndipo zidutswa zake zinapita ndi galimoto."

Achemwali, amene mlandu unali utawakhala pakhosi kuyambira m'mawa, anaona pothawira.

"Mwamva, Amayi? Munthu wanzeru akanayamba wayesa kuitchaja. Ine ndinangoika m'thumba, sindinaphwanye kanthu."

Amayi sanawayang'ane n'komwe.

"Anaiphwanya ndani?"

"Nyundo ndi yanga, Amayi. Lamulonso ndi langa, palibe anandikakamiza."

"Mzime anali kuti?"

"Anali potero, akulimbana ndi foni yake. Iye sanaione ili ndi chikuto chake. Akanaiona akanaizindikira."

Munalibe bodza m'mawu amenewo, ngakhale limodzi, koma choonadi chenicheni chinali chitakhala pampando wa pakona, manja ali pakati pa maondo. Mzime anamva kulemera kwa nyundo ija m'zikhato mwake. Anatsegula pakamwa. Anaona manja a Amayi atafumbata chikuto chija, anaona maso a Achemwali akusaka wina woti amusenzetse mlandu, ndipo anatsekanso. Anachita mantha, basi. Kukhala chete kumeneko kulibe dzina lina.

Amayi anayamba kuyankhula motsitsa, ngati akudziuza okha.

"Munali mauthenga khumi ndi anayi. Onse anajambula ali m'chipatala. Ena akudandaula za chakudya, ena akundikumbutsa za mpope wodontha. Womaliza ankati ndimubweretsere masokosi, mapazi akuzizira. Ndinapita nawo masokosiwo. Ndinapeza bedi atayala kale."

Anasisita ndi chala pamalo popsa paja.

"Lamlungu lililonse amandipemphabe masokosi, ndipo ine ndimamuyankha kuti ndikubwera. Lero sanandipemphe."

Wamabotolo anaweramitsa mutu. Dontho linagwera pa malaya oyera aja, ndipo silinali la tiyi.

"Mwanawe," anatero Amayi, "sindikukuda. Ukanatha kundinamiza, sunatero, ndipo pa chimenecho ndakuthokoza. Koma nkhope yako sindingathe kumaiona pakhomo pano. Ndikakuona ndizimva nyundo. Pita bwino."

Alamu, amene nthawi zonse sasowa nthabwala, tsiku limenelo sananene kanthu. Anangoyang'ana chikutocho, anayang'ana Mzime, kenako anadzithirira tiyi.

* * *

Mzime anamupeza pageti akumanga zingwe za nsapato.

"Ndibwerera ndikawauze."

"Usatero."

"Ndine ndinanyamula thumba osalimasula. Ndine ndinamenya. Iwe unangondipatsa nyundo."

"Ndipo ndikanapanda kukupatsa ndikanamenya ndine. Tamvera, Waloweruka. Amayi ako ataya mwamuna wawo kachiwiri lero. Ukawauza, azimva nyundo akaona iwe, ndipo iwe umakhala nawo m'nyumba imodzi. Ine akhoza kundithamangitsa. Iwe akuthamangitsira kuti?"

"Nanga ine ndikutaye iwe kuti ndisunge iwo?"

Anaimirira, anakonza kolala ya malaya ake, ndipo anayesa kumwetulira.

"Depoti imatsegulidwa Loweruka lililonse. Sindisamuka."

Anafuna kumugwira dzanja, koma katani la pawindo la pabalaza linagwedezeka, ndipo onse awiri anadziwa kuti ndi Achemwali. Anangotembenuka n'kumapita. Mzime anamuyang'ana mpaka anakhota pa sitolo ya pakona. Keke ija inakhala patebulo mpaka Lachiwiri, yosadulidwa.

* * *

Masiku otsatirawo m'nyumba munali ngati mwachitikanso maliro, kungoti opanda anthu odzapepesa. Amayi ankadzuka, kuphika, kudya pang'ono, kubwerera kuchipinda. Sanamukalipire Mzime ngakhale kamodzi. Lolemba anamusisita pamutu n'kunena kuti, "Usadziimbe mlandu, mwanangu, iwe sunadziwe," ndipo Mzime akanakonda mbama.

Mabotolo anayamba kuunjikana pansi pa sinki, osatsuka. Wamabotolo ankatumiza uthenga umodzi m'mawa uliwonse, wofunsa mmene Amayi adzukira. Za iye mwini sankanena kanthu.

Lachitatu masana Mzime anali pamzere ku famase, chifukwa Loweruka lija anamupatsa mankhwala a mtundu umodzi wokha, enawo anali atatha. Foni inanjenjemera. Anali Alamu, ndipo sanalembe kanthu, anangotumiza uthenga wa mawu wa masekondi asanu ndi awiri. Mzime anauika kukhutu mwaulesi, akuyembekezera nthabwala ina ya mabotolo.

"Mayi a ana, mumuuze Mzime asamayende wopanda juzi, kunjaku kwayamba kuzizira. Mwana ameneyu samva, koma mumuuzebe kuti..."

Unathera pomwepo. Mawu aakulu, osasa pang'ono, ndi kupuma kovutikira kwa munthu wogona m'chipatala. Mzime anawazindikira pomwepo kuti ndi a Bambo. Anatuluka pamzere, anakatsamira khoma pafupi ndi sikelo, naumveranso. Mayi wina anamufunsa ngati akudwala, iye anangopukusa mutu.

Kenako kunabwera malemba.

"Tsiku limene ndinkasamutsa zinthu za Amayi ndinakopera zonse pa kompyuta yanga. Mauthenga onse khumi ndi anayi alipo, athunthu."

Mzime analemba zala zikuphonya zilembo.

"Alamu, zikomo, zikomo kwambiri. Atumizireni Amayi pompano. Kapena nditumizireni ine."

Kunadutsa mphindi ziwiri, foni ikusonyeza kuti akulemba, kusiya, kulembanso.

"Zinthu ngati zimenezi sizitumizidwa pafoni, mlamu. Ndikufuna ndikupatse pamanja, iwe ukawapatse Amayi ndi manja ako. Loweruka, teni koloko m'mawa, ndidzakutenga pakona. Tikadye kwinakwake, awiri, tikambe za ine ndi iwe zimene wakhala ukuzithawa. Amayi sindinawauze kanthu, ndipo iwenso usawauze, angayembekezere pachabe. Kompyutayi ndi yakale, yadzaza, ndipo ndakhala ndikufuna kufufuta zina."

Apa m'pamene Mzime anakumbukira tiyi uja. Munthuyu anakhala pampando waukulu Lamlungu, anamva Amayi akunena za masokosi, anaona mnyamata wosalakwa akuthamangitsidwa, mauthenga onse ali phee kunyumba kwake, ndipo anadzithirira tiyi. Nthawinso sanaisankhe mwangozi. Pakhomopo ngakhale mphaka ankadziwa kumene Mzime amakhala Loweruka teni koloko.

Anali asanapume bwino pamene foni inanjenjemeranso. Anali Wamabotolo, koyamba kulemba masana.

"Waloweruka, Loweruka ubwera? Ngakhale wopanda thumba. Sindikubweza."

Mzime anawerenga, ndipo sanayankhe.

* * *

M'basi monse anakangana ndi mtima wake. Akawauza Amayi, Alamu adzakana, adzati kanali kachidutswa kamodzi kokha, ndipo madzulo ake adzafufuta zonse. Akawauza Achemwali, adzati nanga kudya ndi munthu kuli ndi vuto lanji. Akamuuza Wamabotolo, adzanena chimene ananena pageti, kuti Amayi ayambe, iye adikira, ndipo Mzime sanafune kumva mnyamatayo akudzipereka kachiwiri chifukwa cha nyundo imene anamenya ndi iye. Anatsika basi atatsimikiza kuti sapita. Munthu wogulitsa mawu a malemu sadya naye.

Anafika pakhomo dzuwa likadalipo. Pabalaza panalibe munthu. Chitseko cha kuchipinda kwa Amayi chinali chotseguka pang'ono, ndipo Mzime anasuzumira kuti awapatse mankhwala.

Amayi anali atakhala m'mphepete mwa bedi, msana uli kuchitseko. Chikuto chabuluu chija anali atachigwirizira kukhutu ndi manja onse awiri, mutu utapendekeka, ngati munthu amene akumvetsera foni ya kutali. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako ananena motsitsa kwambiri.

"Ndikubwera nawo. Ndikubwera."

Mzime anabwerera chambuyo osapanga phokoso. Anaika mankhwala patebulo, analowa kukhitchini, anaima pafupi ndi sinki pamene panali mabotolo osatsuka aja. Anatulutsa foni, anatsegula uthenga wa Alamu, nalemba liwu limodzi.

"Ndibwera."

Anatumiza. Ankaganiza kuti Wamabotolo amuyankha mawa, kapena mkuja, akapeza mawu, ndipo pakadali pano aziyesa kuti uthenga wake sunaonedwe. Sanadziwe kuti foni ija, podzikonza yokha Loweruka lija, inayatsanso kachizindikiro kamene iye anakazimitsa kalekale, kouza wotumiza kuti uthenga watsegulidwa.

Foni inanjenjemera m'manja mwake. Anali Wamabotolo.

"Ndaona kuti wawerenga. Usafulumire kuyankha. Loweruka ndidzaima pageti la depoti kuyambira teni koloko."